ZA PAKHOMO NDI ZA KUSUKULU: Masese a Khofi ndi Chingerezi cha Ana Athu

Mwezi uno tikambirane zinthu ziwiri zimene zisowetsa tulo eni mbumba ambiri. Choyamba ndicho nthaka yathu, imene yaguga, ndipo siibala popanda feteleza, pamene mtengo wa thumba limodzi uposa mphamvu za mlimi wamba. Chachiwiri ndiye mwana wa sukulu, amene timlipirira ndi chimanga cha m'nkhokwe, koma pofika pa mayeso a Fomu 4 agwa pa Chingerezi, nabwerera kumudzi wopanda satifiketi. Kapena wina adzati: Nanga nthaka ndi Chingerezi zikomana pati? Dekhani, mbale wanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri a ife tili ndi abale ogwira ntchito mu mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975. Ena aphika, ena asamala maluwa, ena alondera usiku pa nyumba zazikulu za ku Area 9, Area 3 ndi Area 10, kumene nyumba iliyonse ili ndi bwalo lake lotakata ndi mpanda wake. Enanso atumikira m'mahotela ndi m'nyumba zodyera za ku Old Town ndi ku City Centre. Pobwera kumudzi, abale amenewa atisimbira makhalidwe a kumeneko, ndipo ife, poyesa kuti zonse za m'tauni nzanzeru, tiyamba kutsanzira. Koma alipo makhalidwe awiri amene sitiyenera kuwatola. Loyamba ndi ili: m'mawa anthu atamwa khofi, zotsalira zake zitayidwa m'bini pamodzi ndi mapepala ndi mabotolo. Lachiwiri ndi ili: m'nyumba zina makolo aletsa ana awo kulankhula Chichewa, poopa kuti chidzawaonongera Chingerezi. Ponse pawiri anthu ali kutaya chinthu chimene chikadawadyetsa.

I. ZA KHOFI NDI ZOTSALIRA ZAKE

Tiyambe ndi mbiri, pakuti munthu wosadziwa kumene chinthu chinachokera sachisamala. Khofi si mbewu ya makolo athu. Kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Ethiopia. Kuno anafika m'chaka cha 1878, pamene Jonathan Duncan, wosamala munda wa Mishoni ya ku Blantyre, anadza ndi mbande zochokera ku munda wa mitengo wa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Mbande imodzi yokha ndiyo inapirira, ndipo mbewu zake zinafalikira m'mapiri a kumwera. John Buchanan ndi abale ake anatsegula minda ku Zomba, Azungu ena nawatsata, kotero kuti Boma la atsamunda, limene linakhazikika m'chaka cha 1891, linatenga mtengo wa khofi kukhala chizindikiro chake. Pofika 1900 khofi ndiye anali katundu wamkulu wotuluka m'dziko lino. Koma ulemerero umenewo sunakhalitse. Dziko la Brazil linadzaza misika ndi khofi wake, mtengo nugwa. Tizilombo ndi chilala zinakantha minda. Ndiponso nthaka inatopa, chifukwa cha kukolola kosabwezera kanthu m'munda. Posapita zaka zambiri eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Masiku ano khofi wathu alimidwa makamaka ndi alimi ang'onoang'ono a m'mapiri ozizira: ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, pa Viphya, m'mapiri a Nkhata Bay, ndi kufupi kuno ku Ntchisi. Ambiri a iwo agulitsa kupyolera m'bungwe lawo la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2007. Iliponso minda ikuluikulu kumwera, monga ku Thyolo.

Tsono imvani umo chipatso ichi chisandukira chakumwa, kuti muone kuchuluka kwa zotayika. Chipatso cha khofi chikapsa chifiira, ndipo m'kati mwake muli njere ziwiri. Alimi achipititsa ku makina osenda, amene achotsa khungu ndi mnofu wake. Amenewa ndiwo makoko aawisi, ndipo kulemera kwawo ndi ngati magawo 4 mwa magawo 10 a chipatso chonse. Njere zituluka zoterera ngati therere. Azisiya m'matanki tsiku limodzi kapena awiri kuti zoterera zija zisungunuke, nazitsuka ndi madzi ambiri. Zikauma padzuwa, achotsanso kakhungu kena kouma, kopyapyala ngati mankhusu. Potero makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso abala kilogalamu imodzi yokha ya njere zogulitsa. Njerezo azikazinga, nazipera, nathira madzi otentha. Koma chimene chilowa m'kapu ndi ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a ufawo. Chotsalacho ndi ufa wakuda wonyowa, umene tiutche masese a khofi, monga titchula masese a mowa.

Taonani tsono zotsalira zinayi: makoko aawisi, madzi otsukira, mankhusu ouma, ndi masese. Zikatayidwa chisawawa zipweteka anthu. Mulu wa makoko uwola ndi fungo loipa, nuitana ntchentche. Madzi otsukira ndi owawasa, ndipo akalowa mu mtsinje zoterera zija ziwola m'madzimo, nizidya mpweya umene nsomba zipuma. Nsomba zifa, ndipo amayi a kumunsi atunga madzi onunkha. Masese okwiriridwa pa dzala la mzinda awola popanda mpweya, natulutsa mpweya wina woyaka, wotchedwa methane, umene uli m'gulu la mipweya yotenthetsa dziko. Koma zinthu zomwezi, zikagwa m'manja mwa munthu wosamala, zisanduka chuma.

Ntchito yake yoyamba ndiyo manyowa. Makoko aawisi ali ndi chakudya cha mbewu chotchedwa potaziyamu, chimene nthochi ndi khofi yemweyo azifuna kwambiri. Masese ali ndi nayitrojeni, amene abiriwitsa masamba. Akatswiri anayesa mphamvu ya makoko m'dziko la Costa Rica m'chaka cha 2018. Anatenga malole 30 a makoko, nawayala pa malo oguga amene kale anali msipu wa ng'ombe, nasiya malo ena ofanana nawo osathirapo kanthu. Zitapita zaka ziwiri, pa malo othiridwa makoko mitengo inali itaphimba magawo 80 mwa 100 a malowo, pamene pa malo enawo inaphimba magawo 20 okha. Mayi Rebecca Cole ndi anzake analengeza zimenezi m'chaka cha 2021.

Ntchito yachiwiri ndiyo bowa. Ulipo mtundu wa bowa woyera umene anthu aulima m'matumba, m'kanyumba ka mthunzi, osadikira mvula. Bowa ameneyu amera bwino pa makoko ndi masese osakaniza ndi mapesi oduladula. Ntchito yachitatu ndiyo moto. Mankhusu ouma ndi masese ouma, akasakanizidwa ndi phala lomata monga la chinangwa, naumbidwa timibulu, nauma padzuwa, ayaka pa mbaula. Ife okhala pafupi ndi Lilongwe tidziwa umo makala a mu mzinda adyera nkhalango ya Dzalanyama, kumene uchokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umwa, kufikira kuti m'chaka cha 2015 Boma linatumiza asilikali kukailondera. Chilichonse choyaka chimene sichinagwetse mtengo chitchinjiriza mtsinje umenewo. Ntchito yachinayi ndiyo chakumwa: ku Yemen ndi ku Ethiopia anthu ayanika makoko oyera bwino, nawawiritsa monga tiyi, kuyambira kalekale.

Koma ndisakunyengeni, abale anga, ngati wogulitsa mankhwala pa msika. Masese ouma ali ndi nayitrojeni ngati magawo 2 mwa 100, pamene feteleza wa yureya ali ndi magawo 46 mwa 100. Ndiko kuti pafunika makilogalamu 23 a masese kuti alingane ndi kilogalamu imodzi ya yureya, ndiponso mphamvu yawo ituluka pang'onopang'ono. Masese a nyumba imodzi sangathe kudyetsa ekala ya chimanga. Malo awo ndi pa dimba, pa bedi la mpiru ndi tomato, ndi pa phando la nthochi. Koma ali ndi ubwino umene feteleza wa m'thumba alibe: afewetsa nthaka, aisungitsa chinyezi, naitana nyongolotsi zimene zilima pansi usiku ndi usana popanda malipiro.

Kachitidwe kake ndi aka. Sankhani malo a mthunzi. Yalani pansi mapesi oduladula kapena udzu wouma. Pamwamba pake masamba aawisi ndi zosenda za kukhitchini. Pamwamba pake ndowe za ng'ombe, za mbuzi kapena zitosi za nkhuku. Kenaka wazani masese kapena makoko, ndi kaphulusa pang'ono ndi kadothi. Bwerezani chomwecho kufikira mulu ufike m'chiuno. Masese asapose gawo limodzi mwa magawo 5 a mulu wonse. Thirani madzi kuti mulu unyowe, koma usachite matope, nimuuphimbe ndi udzu. Pakapita masiku ochepa lowetsani ndodo pakati; ikatuluka yotentha, ntchito ili kuyenda. Tembenuzani mulu pakapita masabata awiri kapena atatu alionse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa adzakhala atapsa: akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itagwa.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Musathire masese aawisi pa nazale, pakuti muli mankhwala aja ochotsa tulo, otchedwa kafini, amene apinimbiritsa mbande zanthete, ayambe awola. Musawayale mochindikala pamwamba pa nthaka, chifukwa akauma agwirana ngati chikhokho cha nsima, madzi nalephera kulowa. Ndipo musawasiye pofika agalu, pakuti kwa galu kafini ndi ululu. Wofuna kuwasunga kufikira tsiku lopita kumudzi awayanike pa thumba. Akatsekeredwa onyowa m'pulasitiki achita nkhungu. Inu amene kwanu kulibe khofi, lamulo lake ndi lomweli pa mapesi, makoko a mtedza, masamba a tiyi ndi zonse zimene tizolowera kutentha m'mwezi wa Okutobala. Moto wa m'munda udya chakudya cha chaka cha mawa.

II. ZA CHINGEREZI CHOLEMBA

Tsono tibwere kwa mwana. M'dziko lino Chingerezi ndicho chipata. Wolemba mayeso a Fomu 4, amene ayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, sangalandire satifiketi ngati sanakhoze Chingerezi, ngakhale atapambana masamu ndi zaulimi. Ndipo amene alowa ku yunivesite, kaya ku Zomba, kaya ku Bunda kufupi kuno, apeza kuti kulankhula kokha sikukwanira. Afunsidwa kulemba zimangirizo zazitali: kunena mfundo, kuichirikiza ndi zifukwa, ndi kutchula mabuku amene anatengamo nzeru. Kulemba kotere ndi luso lapadera. Ngakhale mwana wobadwira ku London sabadwa nalo. Aliphunzira ndi thukuta.

Pa nkhani ya chilankhulo chophunzitsira dziko lathu layenda njira zingapo. Sukulu zakale za m'midzi, zimene zinafalikira kuchokera ku mishoni monga Nzama wa 1901, Mua wa 1902 ndi Likuni wa 1903, zinayamba kuphunzitsa kuwerenga m'Chinyanja, Chingerezi nichidza pambuyo. Sekondale zoyamba zinatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940 ndi ku Zomba m'chaka cha 1942. M'chaka cha 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, nichiphunzitsira makalasi oyamba. M'chaka cha 1996 Boma linalola kuti kuyambira Sitandade 1 kufikira 4 ana aphunzire m'zilankhulo za kwawo. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo m'chaka cha 2014 kunalengezedwa kuti chiyambire Sitandade 1. Chinkana zili choncho, mphunzitsi wofuna kuti ana amve abwerera ku Chichewa kambiri pa tsiku, ndipo ndondomeko ya Boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba m'chaka cha 2016, inagwiritsa zilankhulo zonse ziwiri.

Nanga ndi zinthu zanji zimene ziumba kalembedwe ka mwana? Ndiona zisanu.

Choyamba ndicho chilankhulo cha amake. Ife tinena "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe. Chifukwa chake mwana asokoneza he ndi she. Ife tilibe timawu tija a ndi the. Chifukwa chake atisiya, kapena atiika posayenera. Kwa ife l ndi r ndi abale a mimba imodzi. Kwa Mngerezi kusintha chilembo chimodzicho kusandutsa kupemphera kukhala kusewera. Ife tinena kubwereka ndi kubwereketsa kuchokera ku muzu umodzi, ndipo mwana alemba borrow pamene pafunika lend. Mawu athu akuti "kumva" anyamula khutu, mphuno, ululu ndi nzeru, pamene Chingerezi chipatsa chilichonse mawu akeake. Zolakwa izi zioneka msanga, ndipo ndizo ziopsa makolo. Koma ndizo zazing'ono mwa zonse. Zili ngati chisoso m'munda: mwana akadziwa pamene zimera, azizula yekha.

Chachiwiri ndicho kakambidwe ka pa bwalo. Mkulu wodziwa kulankhula pa mlandu sayamba ndi chigamulo. Ayamba ndi ulemu kwa mfumu, nakumbutsa za makolo, naponya mwambi, nazungulira ngati mlenje, ndipo mfundo yake igwa potsiriza, anthu onse atakonzeka kuilandira. Imeneyi ndi nzeru yaikulu, yosunga mtendere m'mudzi. Koma woyesa mayeso ali ndi mulu wa mapepala, ndipo afuna mfundo m'ndime yoyamba, zifukwa pambuyo pake, ndime iliyonse ndi ganizo lake limodzi. Mphunzitsi wina wa ku America, Robert Kaplan, atapenda zimangirizo mazana angapo za ophunzira ochokera m'maiko ena, analemba m'chaka cha 1966 kuti anthu ayala maganizo pa pepala monga mwa chizolowezi cha kwawo. Anzake anamtsutsa pa zina, nati anaphatikiza mitundu ya anthu mopepuka. Koma anatsegula maso a aphunzitsi kuona kuti mwana wozungulira si wopusa. Adziwa njira imodzi, ndipo asowa womuonetsa yachiwiri.

Chachitatu ndiwo ulemu wosazindikira malo ake. Tiphunzitsa ana kuti mawu a akulu satsutsidwa, ndipo m'kalasi azolowera kubwereza pamodzi zimene mphunzitsi wanena. Tsono mwana akapatsidwa funso, akopera mawu a m'buku monga alili, poganiza kuti iye ndi wamng'ono, sangawakonze. Koma ku yunivesite kukopera mawu a mwini osamtchula ndi mlandu wofanana ndi kuba, ndipo wophunzira angathe kutaya malikisi onse, kapena malo ake amene. Ulemu wa m'maphunziro ndi wotere: kutchula mwini nzeru ndi dzina, kunena zimene iye ananena m'mawu akoako, ndi kuonjeza ngati uvomera kapena ayi, ndi chifukwa chake. Mbale wake wa vuto limeneli ndiko kukonda mawu aataliatali. Mwana ayesa kuti Chingerezi chabwino ndicho chosamveka, naunjika mawu a m'dikishonale amene iye mwini sawadziwa. Chiganizo chachifupi choona chiposa chachitali chodzitama.

Chachinayi ndiko kusowa kwa mabuku ndi kuchuluka kwa ana. Pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika ngati pa 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi wa ana 100 sangathe kuchonga chimangirizo cha mwana aliyense sabata ndi sabata, ndipo kulemba sikuphunzirika popanda wokonza. Apa ndipo pagona kusiyana kwenikweni pakati pa mwana wa ku Area 9 ndi mwana wa kumudzi. Sikuti uyo anabadwa ndi mutu wina ayi. Uyo ali ndi mabuku pa shelefu, nyale ya magetsi, kalasi la ana ochepa, ndi munthu womufunsa madzulo chimene wawerenga.

Chachisanu ndiyo foni. Ana alemberana pa WhatsApp ndi pa Facebook m'mawu oduladula, osakaniza zilankhulo, opanda mpumiro, ndipo dzanja likazolowera litero ndi pa mayeso pomwe. Ndiponso kuyambira m'chaka cha 2022, pamene ChatGPT inatuluka, alipo makina amene alemba chimangirizo chonse munthu akangowapempha. Foni ingathe kuthandiza: muli dikishonale, muli mabuku. Koma mwana amene makina amlembera afanana ndi munthu wotuma mnzake kukamdyera nsima. M'chipinda cha mayeso foni siilowa, ndipo pamenepo njala yake idzaonekera.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi Chichewa chiononga Chingerezi? Yankho lili pafupi, kwa anansi athu. Dziko la Zambia, litangolandira ufulu, linasankha kuphunzitsa ana m'Chingerezi kuyambira kalasi loyamba, pamene kuno ana anali kuphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a maiko awiriwa pa kuwerenga. Anapeza kuti pa Chingerezi ana a ku Zambia sanapose anzawo a kuno, ngakhale anachimva m'kalasi zaka zambiri. Koma pa kuwerenga chilankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anapambana kutalitali. Ndiko kuti zaka zinayi za Chichewa sizinalande mwana kanthu, koma zinampatsa chuma chimene mnzake anachisowa. Pambuyo pake Zambia yemweyo anabwezera zilankhulo za kwawo m'makalasi oyamba. Zimenezi zigwirizana ndi zimene Jim Cummins, mphunzitsi wa ku Canada, anafotokoza m'chaka cha 1979: kuti luso la kuwerenga ndi kuyala maganizo, mwana akalipeza m'chilankhulo chimodzi, alinyamula kunka nalo m'chinzake. Munthu wodziwa kupalasa njinga yake saphunziranso pokwera ya mnzake.

Chifukwa chake, inu atate ndi inu amayi, musadzichepetse kuti, Ife sitinapite kusukulu, tingathandize bwanji? Mungathe ndithu, ndipo popanda liwu limodzi la Chingerezi. Mwana akapatsidwa mutu woti alembe, muuzeni ayambe wakufotokozerani m'Chichewa. Mufunseni: Mfundo yako ndi iti? Inene m'mpweya umodzi. Akainena, mufunsenso: Chifukwa chiyani? Wadziwa bwanji? Nanga wokutsutsa adzati chiyani? Mafunso amenewa ndiwo omwe aphunzitsi a ku yunivesite afunsa, ndipo agogo a pa bwalo awadziwa bwino koposa. Mwana amene walephera kukuyankhani m'Chichewa sadzakhoza m'Chingerezi, pakuti chosowa si mawu koma ganizo. Mloleni afunse ndi kutsutsa mwaulemu pakhomo, pakuti safunsa anadya phula.

Mpatseni nthawi ndi kuwala. Kanyale ka dzuwa kamodzi kaposa malaya atsopano. Ndipo musaiwale mwana wamkazi, amene kawirikawiri atunga madzi, nasinja, naphika, pamene mlongo wake ali pa buku. Gawani ntchito mwachilungamo. Mwana awerenge mokweza madzulo, lero m'Chichewa, mawa m'Chingerezi, nakuuzeni tanthauzo lake. Alembe makalata a pabanja, ndi kaundula wa zokolola ndi wa ndalama za ku banki m'khonde. Akhale ndi kope limene alembamo ndime imodzi tsiku lililonse, naibwereze mawa lake kuikonza, pakuti olemba enieni onse alemba kawiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene ali pafupi ndi mzinda adziwe kuti National Library Service ili ndi nyumba ya mabuku ku City Centre, yotsegukira anthu onse.

Potsiriza ndinena ndi inu abale ogwira ntchito m'nyumba za ku Area 9 ndi m'mahotela. M'manja mwanu mupyola zinthu ziwiri zimene eni ake sazifunanso: masese a khofi, ndi nyuzipepala zakale pamodzi ndi mabuku amene ana a m'nyumbamo anawapitirira. Pitani kwa abwana kapena kwa adona, nimupemphe poyera. Musatenge mobisa ngakhale cha m'bini, pakuti chotengedwa mobisa chitchedwa chakuba, ndipo ntchito ingathe kutha chifukwa cha kanthu kachabe. Ambiri adzavomera mokondwa. Masese muwayanike, nyuzipepala muzimange mtolo, ndipo pa ulendo wa kumudzi munyamule zonse ziwiri: china cha pa dimba, china cha pa mphasa ya mwana. Nyuzipepala ya mwezi watha yataya nkhani zake, koma Chingerezi chake chikali chamoyo.

Ndipo inu makolo a m'tauni amene muwerenga tsamba lino, lingalirani bwino musanatseke Chichewa kunja kwa mpanda. Mwana wanu adzafuna kulankhula ndi agogo ake. Ndipo akadzakhala dokotala, woweruza kapena mlangizi wa zaulimi, anthu amene adzawatumikira adzamfotokozera mavuto awo m'chilankhulo chomwecho. Mpatseni zilankhulo zonse ziwiri, chilichonse chokwanira bwino. M'mera mpoyamba.

Yambani mulu wa manyowa sabata ino, kuti upse mvula isanagwe. Ndipo madzulo ano itanani mwana ndi kope lake. Mwezi wa mawa tidzakambirana za kasungidwe ka mbewu m'nkhokwe.